Katundu mwapakira, nanga za m'makutu mwapakira?

Ife tikulemba tili kuno ku Mfuleni, ku Cape Town. Lero sitikamba za mmene rand ikusinthira kapena za mapepala a paboda ayi. Nkhani yathuyi ena muiona ngati yachibwana, koma tapirirani muwerenge mpaka kumapeto. Tikunena za mabuku omvera, ndi mmene tingawakonzere pa foni, pa fulashi kapena pa kawailesi kolowa memory card tisananyamuke.

Tiyambe ndi masamu. Kuchoka kuno kukafika ku Johannesburg pa msewu wa N1 ndi makilomita pafupifupi 1,400. Kuchoka pa Joni kukafika pa Beitbridge ndi oposa 500. Ukawoloka Limpopo pali enanso pafupifupi 580 kuti ufike ku Harare, kenako Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, ndiye Blantyre. Onse pamodzi amapitirira 3,000. Pa basi ndi masiku atatu kapena anayi, zinthu zikayenda bwino. Pa thiraki, mapepala akachedwa paboda, sabata imatha. Munthu amene amapita kumudzi kasanu pa chaka, kupita ndi kubwera, amatha mwezi wathunthu ali pampando. Mwezi wathunthu, abale.

Nanga mwezi umenewo timautha bwanji? Timagona khosi litapindika. Timakangana za Bullets ndi Noma. Timayang'ana foni yopanda netiweki. Timamva nyimbo zomwezomwezo mpaka kutopa nazo. Ponyamuka timaonetsetsa kuti katundu wamangidwa bwino, chikwama chilichonse chalembedwa dzina, pasipoti ili m'thumba lamkati, kamba wapanjira alipo. Koma za mutu sitiganizako. Maganizo athu ndi akuti zomvera nazonso ndi katundu. Zimafuna kusankha, kulongedza ndi kuyesa tsiku la ulendo lisanafike, ndipo wozichita mwachisawawa amataya zambiri kuposa mmene akuganizira.

Buku lomvera si chinthu chachilendo kwa ife Amalawi. Ndi buku limene munthu waliwerenga mokweza, mawu ake n'kujambulidwa, basi. Ambiri a ife tinakula tikumvera nthano madzulo kwa agogo, ndipo tinkaunjikana pa wailesi imodzi kumvera Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC. Makutu athu anazolowera kale kutsatira nkhani yaitali. Ubwino wake pa ulendo ndi woti sikufuna kuwala, sikuchititsa chizungulire ngati kuwerenga basi ikuyenda, ndipo ngakhale amene sukulu anaisiyira panjira akhoza kumaliza buku lonse popanda womuseka.

Wina anena kuti, "Bwanji osangomvera pa YouTube tili m'njira?" Amene wayendapo msewu uwu akudziwa yankho. M'Karoo muli malo amene netiweki imabwera n'kupita. Ukangowoloka Beitbridge, bandulo ya kuno yathera pomwepo, ndipo ukasiya data ili yotsegula pa roaming, mayunitsi amatha usanafike ku Masvingo. Kugula simu ya ku Zimbabwe ndi ina ya ku Mozambique chifukwa cha maola ochepa ndi kuwononga ndalama ya geni. Choncho zonse zizitsitsidwa tili kuno. Malaibulale a City of Cape Town ali ndi intaneti yaulere ya SmartCape kwa amene ali ndi khadi la laibulale. Ena timagwiritsa ntchito wifi ya kuntchito titapempha abwana, ena bandulo ya usiku imene imakhala yotsika mtengo. Chachikulu n'choti ntchitoyi ithe kudakali masiku awiri kapena atatu, osati usiku womwe mukumanga katundu.

Tsono tingamvere chiyani? Tinene zoona, m'Chichewa zambiri zimene zilipo ndi zachipembedzo. Baibulo la Chichewa likupezeka lowerengedwa pa ma app monga Bible.is ndi YouVersion. Chipangano Chatsopano chili ndi machaputala 260, ndipo kuchimvera chonse kumatenga maola pafupifupi 20, kutanthauza kuti mukhoza kuchiyamba pa Paarl n'kuchimaliza musanawoloke Limpopo. Abale athu achisilamu ali ndi Qur'an yonse, ma surah 114, yowerengedwa ndi ma sheikh osiyanasiyana. Kwa amene Chingerezi chimamveka, pali LibriVox, imene inayamba mu 2005. Kumeneko anthu ongodzipereka amawerenga mabuku akale amene aliyense ndi wololedwa kuwagawa, ndipo mumatsitsa mwaulere ngati MP3. Palinso maphunziro a zilankhulo. Ife tinayamba kumvera a Chipwitikizi chifukwa chotopa ndi kulankhula ndi manja pa Cuchamano ndi pa Zobue. Sitinafike pokamba nacho nkhani, koma kupereka moni, kuwerenga ndalama ndi kufunsa mtengo tikutha, ndipo munthu ukamupatsa moni m'chilankhulo chake amakulandira mosiyana.

Tsopano tibwere pa kakonzedwe, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwa.

Choyamba, dziwani chimene mukamverere. Zimene mwatsitsa m'kati mwa app nthawi zambiri zimakhala momwemo, simungazikopere pa fulashi. Mukafuna kuzimvera m'galimoto, mulumikiza foni pa Bluetooth kapena pa kachingwe. Koma ngati mukufuna kugwiritsa ntchito fulashi pa wailesi ya thiraki kapena kawailesi ka m'manja, mafayilo akhale a MP3. Mtundu umenewu ndi umene pafupifupi wailesi iliyonse imawerenga. Ma voice note a pa WhatsApp amabwera ali a mtundu wa opus, zojambula pa foni zambiri zimakhala m4a, ndipo mawailesi ambiri otchipa amangozidumpha ngati palibe kanthu. Pulogalamu ya VLC pa kompyuta ndi yaulere ndipo imasintha mafayilo otere kukhala MP3. Ngati kompyuta mulibe, anyamata a pa intaneti kafe amachita, koma musachoke musanamvere.

Chachiwiri, kukula kwa mafayilo. Mawu a munthu wowerenga safuna malo ambiri ngati nyimbo. MP3 ya 64 kbps imamveka bwinobwino, ndipo ola limodzi limadya pafupifupi 29 MB. Ya 128 kbps imadya kuwirikiza kawiri koma khutu silimva kusiyana kwenikweni injini ikulira. Werengani nokha: maola 100 a zomvera sakwana 3 GB. Memory card ya 8 GB kapena 16 GB ikukwanirani ulendo wopita ndi wobwerera, malo n'kutsala. Musavutike ndi kugula ya 64 GB kapena 128 GB. Makadi akuluakuluwo amabwera atakonzedwa mwa exFAT, pomwe mawailesi ambiri a m'magalimoto amawerenga FAT32, imene imabwera pa makadi a 32 GB kutsika m'munsi. Mudzalowetsa fulashi yodula, wailesi n'kulemba kuti mulibe kanthu.

Chachitatu, maina a mafayilo. Ichi chinatichitikira ife. Tinaika buku la machaputala 24, titalemba 1, 2, 3 mpaka 24. Wailesi itamaliza chaputala 1 inalumphira pa 10, kenako 11, 12, mpaka 19, ndiye n'kubwerera pa 2. Munthu amene anamwalira pa Worcester anadzapezeka akukwatira pa Colesberg. Makina sawerenga ngati munthu, amayang'ana nambala yoyamba yokha. Mankhwala ake ndi kulemba 01, 02, 03. Machaputala akapitirira 99, monga Masalimo amene alipo 150, lembani 001, 002, 003. Mukaona mafayilo a Qur'an, ambiri amabwera atalembedwa kale 001 mpaka 114, ndipo chifukwa chake ndi chomwechi. Buku lililonse likhale ndi foda yakeyake, osasakaniza ndi nyimbo. Dziwaninso kuti mawailesi ena satsata dzina, amatsata ndondomeko imene mafayilo analowera pa fulashi. Choncho yambani ndi fulashi yopanda kanthu, muzikopera foda imodzi, ithe, kenako ina. Ndipo shuffle ikhale yozimitsa.

Chachinayi, dulani mafayilo aatali. Buku likabwera ngati fayilo imodzi ya maola 10, pa kawailesi kotchipa mulira nalo. Batire ikatha kapena dalaivala akazimitsa injini, mawailesi ena amayambiranso pachiyambi, ndipo mudzakanikiza batani mpaka chala kupweteka kufuna pamene munalekezera. Zidutswa za mphindi 15 kapena 20 ndiye zabwino. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo imadula. Amene mukumvera pa foni ya Android, VLC kapena Smart AudioBook Player imakumbukira pamene munasiyira, ndipo ili ndi poitchera kuti izime yokha mukagona.

Chachisanu, yesani. Lowetsani fulashiyo pa wailesi yomwe mukayendere, kapena ina yofanana nayo. Musangomvera fayilo yoyamba. Tsegulani yoyamba, yapakati ndi yomaliza. Chifukwa chake tikuuzani posachedwa.

Ife timakonda kawailesi kapadera kusiyana ndi foni, ndipo zifukwa zake ndi za geni. Foni ndi ofesi yathu. Ndi imene eni katundu amatiimbira, muli manambala a makasitomala, muli zithunzi za malisiti. Kuithera batire pa Musina chifukwa cha nthano si nzeru, makamaka m'basi imene potchajira pali pamodzi anthu makumi asanu. Komanso foni yodula ikamaonekera usiku wonse imaitana akuba, pomwe kawailesi kotchipa palibe amakayang'ana kawiri. Kakatayika mudandaula pang'ono, bola zomwe zinalimo muli nazo pena.

Tsopano kwa inu madalaivala athu, tilankhule mosabisa. Ena mwa inu mumati buku limagonetsa, bola nyimbo zaphokoso. Pali choona pamenepo. Wowerenga wa mawu ozizira, nthawi ya 2 koloko usiku, pa msewu wowongoka wa pakati pa Laingsburg ndi Beaufort West, akhoza kukhala ngati mayi wogoneka mwana. Chigawo chimenecho n'chotalika makilomita pafupifupi 200 ndipo chimadziwika ndi ngozi za kutopa. Ndiye sankhani nkhani yokoka mtima, ya anthu angapo olankhula, ndipo ikayamba kukulemeretsani zikope isintheni. Koma tikuuzeni chimene dalaivala wina wachikulire amene timayenda naye anatiphunzitsa. Nyimbo imene mukuidziwa kale, mutu ukhoza kuchokapo theka la mphindi inu osazindikira. Nkhani siibisa zimenezo. Mukangoona kuti simukudziwa mmene munthu uja wafikira pamene ali, dziwani kuti tulo tayamba kukuberani. Pamenepo musabweze fayilo. Pezani malo abwino oimapo, mugone. Palibe buku, nyimbo kapena chakumwa chimene chingalowe m'malo mwa tulo, ndipo katundu wathu yense sangafanane ndi moyo wanu ndi ana amene akukudikirani.

Chinanso, dalaivala asavale mahedifoni. Makutu akufunika kumva hutala, sairini ndi kulira kwa tayala. Nkhani izituluka pa sipika ya galimoto, ndipo muitchere galimoto isananyamuke. Kuno ku Cape Town apolisi a pamsewu a mzinda amakulangani akakupezani mukugwira foni uku mukuyendetsa, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene tikunenera kuti mafayilo akhale m'ndondomeko, kuti dzanja lisachoke pa chiwongolero kukasaka chaputala chotsatira.

Ife okwera nafenso tisamale makutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa mlingo wa ma decibel 80, ndipo phokoso likakwera, maola otetezeka amachepa msanga. Ulendo umodzi wokha wa kumudzi ukhoza kukwanitsa maola amenewo. Vuto la m'basi ndi loti injini ikamalira timakweza voliyumu osadziwa. Isapitirire pang'ono theka, muzipumitsa makutu, ndipo ngati woyandikana nanu akumva zimene mukumvera, ndiye kuti mwakweza kwambiri. Paboda ndi pa malo opumira chotsani mahedifoni. Pamzere amaitana maina, basi imasuntha, ndipo chikwama chimayenda chokha mwini wake akakhala kuti maganizo ali kwina.

Tinati tikuuzani chifukwa choyesera fayilo yomaliza. Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndi imene yatichititsa kulemba zonsezi.

Ana athu anabadwira kuno. Pamsewu amalankhula Chixhosa, kusukulu Chingerezi. Chichewa amamva, koma agogo awo akaimba foni amangoti "ndili bwino" n'kutibwezera foni. Tinafufuza mabuku a Chichewa amene tinkawerenga kusukulu kuti mwina alipo owerengedwa m'mawu, sitinawapeze. Ndiye tinaganiza zoti tizijambula tokha. Kwathu ku Chiradzulu tinali ndi amalume amene anabwera ku Joni kalekale pa Wenela, kukagwira ntchito m'migodi. Anali kuno mu 1974, chaka chimene ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi inagwa ku Francistown ku Botswana, anthu oposa 70 n'kufa, boma la Kamuzu n'kuimitsa zotumiza anthu kumigodi. Tsiku lina madzulo tinakhala nawo pakhonde, anafotokoza kwa maola awiri: mmene anawayezera thupi, mmene ankagonera m'komponi, mmene uthenga wa ndege ija unawafikira, ndi zimene anagula ndi ndalama yoyamba. Ana athu sakanakhulupirira kuti msewu umene makolo awo akuyenda lero unayendedwa kale ndi agogo awo.

Foni inali yodzaza, ndiye tinasamutsira zonse pa memory card imene tinagula pa kabenchi kena pafupi ndi renki ya mataxi kuno. Pamwamba inalembedwa 64 GB, mtengo wake wotsika modabwitsa. Za mufoni tinafufuta. Titafika kuno n'kutsegula, mafayilo oyambirira ankamveka, otsatira onse anali maina okhaokha opanda mawu. Khadi lija linali labodza. Makadi otere amakhala aang'ono koma amawakonza kuti azionetsa nambala yaikulu, ndipo malo enieni akadzaza, zotsatira zimaonongeka makina osakuchenjezani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tinati palibe kanthu, tidzajambulanso ulendo wa Disembala. Amalume anatisiya mu Okutobala. Pa maola awiri aja tinatsala ndi mphindi 25.

Mphindi 25 zimenezo ana athu azimvera kambirimbiri. Mwana wathu wamkulu anatifunsa kuti komponi n'chiyani, ndipo tsiku limenelo tinacheza m'Chichewa mpaka usiku. Akulu anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kuti agonere pafunika powasunga pabwino.

N'chifukwa chake tikuti gulani memory card ndi fulashi m'sitolo yodziwika, yopereka lisiti. Musanaidalire, idzazeni ndi mafayilo mpaka kumapeto, kenako tsegulani omalizawo muone ngati akugwira. Chinthu chimene simungachipezenso chikhale pa malo awiri kapena atatu: pa foni, pa khadi, ndi kwa m'bale wina. Musafufute choyamba musanamvere chachiwiri.

Ndipo tikupempheni, pa ulendo ukubwerawu jambulani kwanu. Pemphani kaye chilolezo kwa akuluakuluwo, muwauze kuti ndi za adzukulu awo. Khalani m'nyumba, kutali ndi chigayo ndi atambala. Foni muiike pa nsalu yopinda patebulo kapena pampando, pafupi ndi pakamwa pawo koma osagunda, ndipo muitseke kuti wina asaimbe pakati. Poyamba nenani tsiku, mudzi ndi amene akulankhula. Muzidula pakatha mphindi 15 kuti nawonso apume. Afunseni za nthano, za mbiri ya banja, za kumene mtundu wanu unachokera, za njala ya 1949 kwa amene anaimva kwa makolo awo, za nyimbo za pamtondo. Mukafika kuno musinthe kukhala MP3, mulembe 01, 02, 03, muike mu foda yake. Limenelo ndi buku, ndipo palibe sitolo imene ingakugulitseni.

Chenjezo limodzi pamenepa, poti ndife anthu a geni ndipo chilichonse timachiona ngati mpata. Kuwerengera ana anu buku limene munagula ndi nkhani ina. Koma kujambula buku la wolemba wina n'kumagulitsa pa fulashi ndi kuba thukuta lake. Kwathu kuli bungwe la COSOMA loona za umwini wa zolemba ndi nyimbo, ndipo lamulo lake lilipo. Taona mmene oimba athu asaukira chifukwa cha kukopera nyimbo mwachisawawa. Ngati tikufuna kuti olemba a Chichewa adzatipangire mabuku omvera, tikhale okonzeka kuwalipira, monga ifenso timafuna kulipidwa tikafikitsa katundu wa munthu.

Zaka zonsezi takhala tikunyamula mafiriji, mabulangete, njinga ndi mapoto kupita nazo kumudzi, pobwera n'kunyamula usipa, chambiko cha therere louma, mpunga wa kilombero ndi ufa. Kakhadi kochepa ngati chikhadabo sikawonjezera kilo pa sikelo, koma kakhoza kupita ndi maphunziro a m'njira n'kubwera ndi mawu a kwathu. Amene mukunyamuka sabata ino, kakonzeni lero, mawa mukayese. Amene mukudziwa kumene kukupezeka zomvera zabwino za Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka zololedwa kugawa, tiuzeni kuti tonse tipindule.

Muyende bwino, madalaivala mugone mukatopa, tionana pamzere pa Beitbridge.